Achimwene, tumizani ya sikani

Uthenga wa mlongo wanga unandipeza ndikutsika basi, nditangoweruka ku ntchito ya usiku. Unali wa mawu, wa pa WhatsApp, ndipo ndisanaumvere n'komwe ndinadziwa kuti kunyumba sikuli bwino, chifukwa iyeyu mtima ukakhala m'malo amalemba, akatekeseka m'pamene amalankhula. "Achimwene, mwana wanu uja watuluka matuza thupi lonse. Kuno pa wailesi nkhani ndi ya Mpox yokhayokha. Anzanga akuti tipite naye kupulaiveti akamujambule pa makina aja mumagwirapo inu aja. Tumizani ya sikani." Pansi pake panali zithunzi zitatu za msana wa mnyamata wa zaka 9, zojambulidwa pakhonde ku Area 25.

Munali mu Meyi 2025, patangodutsa masabata ochepa Unduna wa Zaumoyo utalengeza, mu Epulo, kuti ku Lilongwe kwapezeka anthu oyamba odwala Mpox. Mantha ake ndinawamvetsa. Ndinamvetsanso chifukwa chake pempholo linagwera ine. Mwanayo ndine malume wake, ndili ku England, ndipo ntchito yanga ndi yojambula odwala. Ndinaphunzira ku Malawi College of Health Sciences, ndinajambula zifuwa ndi miyendo yothyoka kwa zaka zingapo pa chipatala china cha boma, ndipo lero ndimachezera pa makina a CT pa chipatala china ku London. Kwathu amangoti amalume a sikani. Munthu wotere akanena kuti mwana sakufunika sikani, abale samva malangizo a zachipatala. Amamva kuti kunja kuja kwamuumitsa manja.

Komabe ndinakana. Chimene chinandilimbitsa mtima ndi usiku wina wa mu Julayi 2022.

Inali sabata imene kutentha kunadutsa madigiri 40 kwa nthawi yoyamba m'mbiri ya Britain. Anzanga pantchito ankangoti wefuwefu, ine n'kumawaseka kuti ku Chikwawa mu Okutobala anthu amapalasa njinga ya makala pa dzuwa ngati lomweli. Cha m'ma 2 koloko anatibweretsera bambo wina wa zaka za m'ma 30 pa bedi la matayala. Anagona chammbali, mawondo atawapinda, thukuta lili kamukamu. Kukhala pansi sankatha. Masiku anayi anali asanapite kuchimbudzi, osati chifukwa chodzimbidwa, koma poopa ululu. Pa fomu dokotala analemba kuti akukayikira chithupsa chamkati, pafupi ndi kotulukira chimbudzi, ndipo a opaleshoni ankafuna chithunzi asanaganize zong'amba. Za Mpox panalibe ngakhale liwu limodzi.

Ndinamuthandiza kusamukira pa bedi la makina. Anandifunsa chapansipansi ngati kunali kofunikadi kugona chagada, ndipo ndinamuikira pilo pansi pa mawondo kuti matako asatsamire kwambiri. Kenaka ndinamuuza zimene ndimauza aliyense ndisanamulowetse mankhwala a ayodini mu mtsempha: kuti amva kutentha thupi lonse, m'kamwa mumveka ngati wanyambita ndalama yachitsulo, ndipo aganiza kuti wadzikodzera pamene sanadzikodzere. Anayesa kuseka, koma kuseka nakonso kunamupweteka.

Kwa amene sanalowemo, makina a CT amaoneka ngati donasi lalikulu loimitsidwa, bedi n'kumalowa pabowo. Mkati mwa donasilo muli chida chotulutsa cheza cha X-ray chimene chimazungulira munthu mwaliwiro, ndipo mbali inayo muli tizida toyeza kuchuluka kwa cheza chimene chadutsa m'thupi. Kompyuta imatenga miyezo yonseyo n'kuwerengetsa kuti pamalo aliwonse thupi ndi lolimba motani. Zotuluka zake ndi zithunzi zoduladula, monga mmene amayi amadulira nkhaka, kuchokera pachifuwa mpaka m'chiuno. Muyezo wake umatchedwa dzina la Godfrey Hounsfield, injiniya wa kampani ya EMI amene anapanga makina oyamba. Madzi ndi 0, mpweya ndi -1000, mafuta ali cha pa -100, fupa limakwera kufika mazanamazana. Munthu woyamba anajambulidwa pa 1 Okutobala 1971 pa chipatala cha Atkinson Morley ku Wimbledon, mayi amene ankamukayikira chotupa mu ubongo. Mu 1979 Hounsfield analandira mphotho ya Nobel limodzi ndi Allan Cormack, wobadwira ku Johannesburg, amene anayamba kuganizira masamu ake akugwira ntchito pa chipatala cha Groote Schuur ku Cape Town m'ma 1950. Izi ndimakonda kuwauza ophunzira athu kuno, chifukwa ambiri amaganiza kuti Africa ndi malo amene makina amangotumizidwako.

Zonse zimene makinawa amadziwa n'zimenezo: apa m'polimba, apa m'pofewa, apa pali madzi, apa magazi akuthamangirapo. Kachilombo sakaona. N'kakang'ono kwambiri moti ngakhale maikolosikopu wamba wa m'labu sakaonetsa bwino.

Zithunzi za bambo uja zitayamba kutuluka pa sikirini, ndinaona ndekha kuti zinthu sizili bwino, ngakhale kuti kuwerenga zithunzi si udindo wanga. Thumbo lakumapeto la munthu wabwinobwino limakhala ndi khoma lopyapyala, ndipo mafuta olizungulira amaoneka akuda bii, oyera bwino opanda litsiro. Lake khoma linali litanenepa kuzungulira konse, bowo lapakati litatsala pang'ono kutsekeka. Mafuta aja anali mbuu, ngati utsi wa lupsa m'dambo madzulo. M'mphechepeche monse muwiri ndiponso mkati mwa chiuno munali anabere otupa, ali ndandanda ngati mtedza m'khoko. Koma thumba la mafinya, limene a opaleshoni ankalisaka, munalibe.

Dokotala wowerenga zithunzi usiku umenewo anali mayi wina wachikulire, wosachedwa kupsa mtima koma wa maso akuthwa. Anayendetsa zithunzi kukwera ndi kutsika kawiri, n'kunyamula foni. Sanayambe ndi kufotokoza zimene waona. Anafunsa dokotala wa ku ngozi kuti, "Khungu lake mwaliona? Osati la pamimba. Mwamutembenuza n'kuunika ndi nyali?" Patapita mphindi ngati 20 foni inalira. Anapeza timatuza tiwiri, tolimba, tokhala ndi kadzenje pakati ngati mchombo, tobisika pamalo amene wodwala sakanatha kudzionera yekha ndipo ankachita manyazi kuloza. Anapaka kathonje pa timatuzato, n'kutumiza ku labu. Zotsatira za PCR, kuyeza kwa m'labu kofufuza kachilombo kenikeniko, zinatuluka patatha masiku awiri, ndipo zinati Mpox.

Ena akamva nkhaniyi amati CT ndiyo inapeza matenda. Ine ndinalipo, ndipo ndikuti ayi. CT inachita zinthu ziwiri, ndipo zonse ndi zazikulu: inaletsa mpeni umene ukanang'amba munthu wopanda chithupsa, ndipo inachititsa dokotala kubwerera kukayang'ana pamene anadumpha. Koma chithunzi chomwecho, khoma lonenepa, mafuta a mbuu, anabere otupa, chikanatha kukhala cha chinzonono cholowa m'thumbo. Chikanatha kukhala cha chindoko, cha mabomu, cha herpes, cha matenda otupitsa matumbo amene si opatsirana n'komwe, ngakhale khansa nthawi zina imadzionetsa motero. Lipoti la dokotala wowerenga zithunzi uja linandandalika maina angapo, Mpox ili limodzi mwa iwo, ndipo chimene chinaikweza pamwamba si makina ayi koma kalendala. Munali mu Julayi 2022, ku London, miyezi iwiri mliri utabuka. Sabata yomweyo, pa 23 Julayi, bungwe loona zaumoyo pa dziko lonse la WHO linalengeza kuti nthendayi ndi ngozi ya dziko lonse. Chithunzi chimenecho akanachiona mu 2019, dzina la Mpox silikanamubwerera m'mutu. Dzina lenileni linatchulidwa ndi kathonje ka pa kamtengo.

Ine mwini usiku umenewo ndinagona ndi nkhawa. Ndinali nditamugwira ndi magolovesi okha ndi masiki wamba, ndipo nsalu ya pabedi ndinaichotsa mmene ndimachitira nthawi zonse, kuikoka n'kuipindira m'thumba. Tonse tinkaidziwa nkhani ya ku Blackpool mu 2018, pamene wothandiza odwala wina anatenga nthendayi, ndipo ofufuza anaona kuti mwina anaitenga posintha zofunda za wodwala. Nkhanambo za zilonda zimayoyokera m'nsalu ndipo kachilombo kamakhalamo kamoyo. Chipinda tinachitseka, n'kupukuta bedi, donasi, zingwe ndi pansi pomwe ndi kolorini, odwala ena akudikira pa mzere. A zaumoyo wa ogwira ntchito anati chiopsezo changa n'chochepa, koma ndidziyang'anire masiku 21, poti ndiwo malire a nthawi imene nthendayi imabisala m'thupi. Masiku 21 ndinkadzipapasa m'khosi m'bafa, kachiphuphu kalikonse n'kukaunika ndi tochi ya foni. Sindinadwale.

Chaka chimenecho ku Ulaya ndi ku America odwala ambiri anali amuna ogonana ndi amuna anzawo, ndipo nthendayi inkayambira pamalo pamene yalowera: kumaliseche, kumatako, kukhosi. Kafukufuku wa odwala 528 a m'maiko 16, amene anatuluka m'magazini ya zachipatala ya New England Journal of Medicine mwezi womwewo, anapeza kuti 14 mwa 100 alionse anali ndi kutupa kapena ululu wa thumbo lakumapeto. N'chifukwa chake nthenda imene mabuku ankaifotokoza ngati ya pakhungu inayamba kufika kwa ife ojambula m'mimba. Koma wina asatenge pamenepa kuti ndi nthenda ya gulu limodzi. Ku Congo, kumene yakhala zaka zoposa 50, ana ndiwo amadwala ndi kufa kwambiri, ndipo amaitenga pogona mphasa imodzi, pofunda chofunda chimodzi, pobelekedwa kumsana. Mtundu wa clade Ib, umene unaonekera ku Kamituga ku South Kivu mu 2023 n'kuchititsa WHO kulengezanso ngozi pa 14 Ogasiti 2024, umayenda njira zonse ziwiri, ya kuchipinda ndi ya pakhomo.

Chinandiwawa nthawi imeneyo ndi zithunzi za m'nyuzipepala. Odwala anali a ku London, Madrid ndi Lisbon, koma manja a matuza amene ankaikidwa pa tsamba loyamba anali akuda. Dzina lakale la nthendayi, monkeypox, lonena za anyani, linkathira mchere pachilonda, chikhalirecho linangochokera kwa anyani a m'labu ku Copenhagen mu 1958, pamene nyama zimene akatswiri amazikayikira kwambiri kuti zimasunga kachilomboka ndi agologolo ndi makoswe a m'nkhalango. Mu Novembala 2022 WHO inasintha dzina kukhala Mpox. Koma imeneyo ndi nkhani ya tsiku lina.

Pali nthawi pamene ndingauze m'bale wanga kuti gulitsani mbuzi, mukajambulitse. Munthu wa Mpox akayamba kulephera kumeza malovu, mawu atasintha, khosi litatupa mbali imodzi, CT ya khosi imaonetsa ngati kuseri kwa zilonda kwaunjikana mafinya ndiponso ngati njira ya mpweya ikupanikizika. Pamenepo chithunzi chimauza dokotala kuti aboole kapena asaboole, ndipo ndi nkhani ya maola. Chimodzimodzi amene ululu wa kumatako wamupitirira muyezo, mimba yatupa, mkodzo wasiya kutuluka, kapena akukayikiridwa kuti thumbo labooka. Chimodzimodzinso amene akubanika. Akasokonekera mutu kapena miyendo ikafooka, CT imathandiza kuchotsa zokayikira zina mwachangu, koma ubongo ndi mtsempha wa msana zimaoneka bwino pa makina ena ojambulira otchedwa MRI.

Amene amafika pamenepa kawirikawiri ndi anthu amene chitetezo cha m'thupi chinatsika kwambiri. Mu 2023 magazini ya zachipatala ya The Lancet inatulutsa kafukufuku wa anthu 382 a m'maiko 19 amene anali ndi HIV, CD4 yawo, muyezo wa chitetezo cha m'thupi, ili pansi pa 350, n'kudwala Mpox. Anamwalira 27, ndipo onsewo CD4 yawo inali pansi pa 200. Mwa iwo zilonda zinkakula n'kumadya mnofu, ndipo ena m'mapapo munkamera timibulu tambirimbiri timene CT inkationetsa. Nditawerenga zimenezi, maganizo anga anathamangira kwathu. Kumeneko munthu wa CD4 yotsika, woonda, wotentha thupi, wa timibulu m'mapapo ndi anabere oola pakati, dokotala aliyense aganiza kaye za chifuwa chachikulu, ndipo sakhala atalakwa, chifukwa nthawi zambiri chimakhaladi chimenecho. Akapanda kutero aganiza za khansa ya Kaposi sarcoma kapena khansa ya anabere. Pa sikirini zonsezi zimavala malaya ofanana. Chimene chingasiyanitse ndi makhololo, kathonje, kapena kanyama kodulidwa n'kukayezedwa. Ndiye ngati pali chimene munthu wa HIV angachite podziteteza ku Mpox yoopsa, si kusunga ndalama ya sikani. Ndi kumwa ma ARV osadumphitsa kuti CD4 isagwe.

Mwana wa mlongo wanga sanali m'gulu limeneli ngakhale pang'ono. Ankadya, ankameza, ankapuma bwino, ankakangana ndi mng'ono wake za rimoti. Kumugoneka m'donasi kukanamupatsa chiyani? CT imodzi ya m'mimba ndi m'chiuno kwa munthu wamkulu imamuthira cheza chofanana ndi chimene amalandira kuchokera m'chilengedwe kwa zaka pafupifupi zitatu, kuposa ma X-ray a chifuwa 50. Kwa munthu amene moyo wake uli pa chiswe, umenewo ndi mtengo wochepa. Kwa mwana wa zaka 9, amene thupi lake likukula ndipo ali ndi zaka zambiri kutsogolo, si cheza chomuthira kuti mayi ake agone tulo. Kuonjezera apo, akanakhaladi ndi Mpox, ulendo wa sikani ukanatanthauza minibasi yodzaza, benchi yodikirira, bedi limene pagonanso munthu wa khansa ola lotsatira. Ndipo makina a CT kwathu ndi owerengeka, ali m'zipatala zikuluzikulu za m'mizinda. Nthawi imene akujambula mwana wa matuza, pakhomo pamakhala pali wakabaza amene wamenyetsa mutu pa phula, amene kwa iye chithunzicho ndi moyo weniweni.

Koma sindikumunena mlongo wanga. Chikhulupiriro cha kujambula ndinachiona ndekha zaka zonse ndili ku X-ray kwathu. Agogo ankatuluka m'chipinda changa akunena kuti chifuwa chapepuka, asanamwe ngakhale panado. Munthu akabwera kuchipatala n'kungofunsidwa mafunso, kupapasidwa, kupatsidwa mapiritsi, kunyumba amakanena kuti sanandione. Akajambulidwa, amati andiunika thupi lonse. Ndipo pali chifukwa chake. Pa mzere wa anthu 200, dokotala amakupatsa mphindi ziwiri, maso ali pa buku. Makina okha ndiwo amaoneka ngati akupatsa nthawi yako wekha. Mlongo wanga sankafuna cheza. Ankafuna kuti wina amuyang'anitsitse mwana wake.

Mwana woyamba kudziwika ndi nthendayi anapezeka mu 1970 ku Basankusu, m'chigawo cha Équateur ku Congo. Anali wa miyezi 9, ndipo dziko lonse linalibe makina a CT ojambula odwala, poti oyamba aja anadzagwira ntchito chaka chotsatira. Anamupeza pa chipatala, nthawi imene azaumoyo ankasaka nthomba mudzi ndi mudzi. Anaona matuza onga a nthomba m'dera limene nthomba inali itatha, anatenga za pa zilondazo n'kutumiza ku labu ya ku Moscow, ndipo kumeneko n'kumene kunatuluka dzina. Patha zaka zoposa 50, njira ndi yomweyo: maso, mafunso, labu. Chasintha ndi liwiro basi. Lero PCR imatha kutulutsa yankho tsiku lomwelo, ndipo mu Okutobala 2024 WHO inavomereza zoyezera Mpox zolowa m'makina a GeneXpert, omwe aja timayezera makhololo a TB m'zipatala za m'maboma.

Ndipo chizindikiro chimene madokotala akhala akudalira posiyanitsa Mpox ndi katsabola ndi chija agogo athu ankachidziwa kale, mwanabere. Mpox imatupitsa anabere m'khosi, m'khwapa ndi m'mphechepeche, kawirikawiri matuza asanatuluke kapena akungoyamba. Matuza ake amakhala olimba, ozama, owawa, ndipo kawirikawiri sasiya zikhatho ndi mapazi. Katsabola amatulutsa matuza a madzi osachedwa kuphulika, oyabwa, ochuluka pamsana ndi pamimba, ena akuuma ena akungotuluka. Anabere amene ine ndinawaona pa makina a ndalama zankhaninkhani usiku uja, dzanja lopapasa m'mphechepeche likanawapeza mwaulere. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Komabe maso amanama, ndipo mwana mmodzi akhoza kudwala zonse ziwiri nthawi imodzi, n'chifukwa chake kathonje sikasowa ntchito.

Ndinamuimbira mlongo wanga ndili chiimire pa siteji ya basi, chikwama chili kumsana. Ndinamuuza kuti amupapase mwanayo m'khosi ndi m'khwapa, amuone m'manja ndi kumapazi. Anati palibe chotupa, m'manja mulibe kanthu, koma akungodzikanda usiku wonse, ndipo m'kalasi mwawo ana atatu sakupita kusukulu chifukwa cha zomwezo. Ndinati, "Achemwali, ine ndikuona ngati ndi katsabola, koma pa foni sindingalumbire. Muvekeni malaya a manja aatali, mupite naye ku chipatala cha boma cha pafupi, ndipo mukangofika pageti mukanene kuti mwana ali ndi matuza, asakakhale pa mzere ndi anzake. Akakayikira akatenga za pa chilonda. Kunyumba agone yekha, zofunda zake muchape pazokha, musazikutumule." Anakhala chete pang'ono, kenaka anati, "Ndiye ya sikani ija simutumiza?" Ndinati nditumiza, koma si ya sikani.

Anapita tsiku lomwelo. Dokotala anamuvula malaya mwanayo, anamupapasa monse ndinanena muja, anati ndi katsabola, komabe poti nthawi yake inali imeneyo anapaka kathonje pa matuza awiri n'kutumiza. Anawapatsa calamine ndi panado. Patatha masiku angapo anawaimbira kuti Mpox palibe. Ndalama ija inagula nsapato za sukulu, sopo wochapira ndi thumba la makala, yotsala mlongo wanga sanandiuze kumene inapita.

Mwezi watha mlongo wanga ananditumizira uthenga wina, wolemba. Mwanayo tsopano ali ndi tizipsera titatu pamsana, ndipo akuti akadzakula adzakhala ngati amalume. Kumapeto anaonjezera kuti, "Koma mukadzabwera pa Khirisimasi mudzapite naye akamujambulebe, achimwene, tingoona kuti mkatimo muli bwanji."